Kalabu yathu yatopa: tithetse macheza kuti ntchito iyende?

Funso

Ndangosankhidwa kumene kukhala wapampando wa kalabu yathu yothandiza anthu. M'kaundula tilimo anthu 32, koma kumisonkhano timapezeka 10 kapena 12, ndipo nkhope zomwezo ndi zimene zimapezekanso pa ntchito. Chaka chatha tinakonza zochitika zinayi zosonkhetsera ndalama. Tonse tinatopa, koma zotsala zinali zochepa. Ena akuti tithetse macheza ndi kudyera limodzi kuti nthawi yonse ipite ku ntchito zachifundo. Ena akuti macheza akatha, iwo asiya kubwera. Ndiyambire pati pokonza chaka changa?

Mayi wina, wapampando watsopano

Yankho

Mayi, ndikufunireni zabwino pa udindo umenewu. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo chimene chandigwira mtima kwambiri ndi anthu 20 aja amene ali m'kaundula koma saoneka. Ndalama zikuchepa ndipo inu mukutopa chifukwa katundu wa anthu 32 akusenzedwa ndi mitu 12. Ndiyambe ndi nkhani imene yagawanitsa mamembala anu: macheza musawathetse. Mukawathetsa, chaka chisanafike n'komwe pakati mudzatsala owerengeka, ndipo ntchito zachifundo zimene mukufuna kuziteteza zidzaima zokha.

Anthu ambiri amaganiza kuti makalabu akuluakulu othandiza anthu anayamba ndi chifundo, ubwenzi n'kubwera pambuyo. Mbiri yake siinayende choncho. Pa 23 Febuluwale 1905, loya wina wa ku Chicago, Paul Harris, anakumana ndi anzake atatu mu ofesi ya mmodzi wa iwo. Harris anakulira m'katauni kakang'ono ku Vermont kumene anthu ankadziwana, ndipo mumzinda waukuluwo ankasowa anthu ocheza nawo momasuka. Iye ankafuna mabwenzi, komanso anthu okhulupirika ochita nawo malonda. Ankakumana mosinthanasinthana, lero ku ofesi ya uyu, ulendo wotsatira kwa uyo, ndipo dzina loti Rotary linachokera pa kuzungulira kumeneku. Ntchito yawo yoyamba yothandiza anthu inabwera mu 1907, pamene kalabuyo inatsogolera zoti mumzindamo mumangidwe zimbudzi zoti aliyense azigwiritsa ntchito. Makalabu a Lions nawonso anatuluka m'gulu la amalonda amene ankakumana pa chakudya cha masana. Mmodzi wa iwo, Melvin Jones, ndiye anafunsa anzake kuti bwanji nzeru ndi mphamvu zawo azigwiritsenso ntchito potukula dera lawo, ndipo bungwelo linakhazikitsidwa mu 1917. Konse kuwiri, anthu anayamba adziwana, n'kukhulupirirana, kenako n'kuona kuti angathe kusenzera limodzi chinthu cholemera. Wogwira ntchito mongodzipereka salandira malipiro. Chimene chimamudzutsa m'mawa wa tsiku lake lopuma kuti akanyamule katundu ndi kudziwa kuti anzake ali kumeneko ndipo akapanda kufika amusowa.

Ndiye ntchito yanu yoyamba, musanalembe ndondomeko iliyonse, ndi anthu 20 aja. Musatumize uthenga pa gulu la WhatsApp wonena kuti mamembala onse akukumbutsidwa za msonkhano. Uthenga wopita kwa onse aliyense amauona ngati wa mnzake. Gawanani mainawo m'komiti, aliyense atenge anayi kapena asanu, ndipo muwaimbire foni kapena mukawaone mmodzimmodzi. Musapite kukalonjerera ngongole ya zopereka za umembala. Pitani mukafunse kuti ali bwanji, ndiponso kuti chinachitika n'chiyani, kenako mukhale chete mumve. Mayankho ake sasiyana kwenikweni m'makalabu ambiri. Wina nthawi ya msonkhano inayamba kuwombana ndi ntchito. Wina anatsalira miyezi itatu osapereka ndipo akuchita manyazi kuonekera. Wina anabwera kasanu, palibe anamupatsa chochita, n'kuona kuti kalabu ili ndi eni ake. Wina ananenedwa mawu owawa pagulu, ndipo amene ananenayo anaiwala kalekale. Wina moyo wake unangosintha, ndipo ameneyu mumuthokoze, mumulole achoke mwaulemu. Kaundula wa anthu 22 enieni amakuthandizani kukonza chaka kuposa wa anthu 32 amene theka lawo ndi maina chabe.

Nkhani imeneyi ndimaimva kuwawa chifukwa ndinaiphunzira mochedwa. M'kalabu ina imene ndinali mlembi, bambo wina amene sankajomba anangosiya kubwera. Mwezi ndi mwezi ndinkalemba pa dzina lawo kuti sanabwere, mpaka komiti inayamba kukambirana zowachotsa. Nditawaimbira foni patatha miyezi isanu, ndinamva kuti akazi awo anali atagonekedwa m'chipatala pafupifupi nthawi yonseyo. Anandiuza mofatsa, osakweza mawu, kuti ankadabwa kuti kalabu imene imakazonda odwala osawadziwa inalephera kufunsa za membala wake. Tinapepesa, tinapita kukawaona, koma sanabwererenso. Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene ndapemphedwa uphungu ndimanena kuti pakhale munthu mmodzi amene udindo wake ndi kuona amene wajomba kawiri motsatizana n'kumuimbira foni sabata yomweyo.

Tsopano za ntchito zenizenizo. Zosowa za anthu sizitha, ndipo wapampando watsopano aliyense amafuna kuzigwira zonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chaka muchikonze poyeza mphamvu za mamembala anu, osati kukula kwa mavuto amene mukuwaona. Kwa kalabu ya msinkhu wanu ndingalangize ntchito imodzi yaikulu yodutsa chaka chonse, ndi zina ziwiri kapena zitatu zazing'ono za tsiku limodzi zosafuna ndalama zambiri, monga kukapereka magazi pamodzi, kuyeretsa malo a anthu onse, kapena kukacheza ndi okalamba. Zazing'onozi n'zofunika chifukwa zimapatsa mpata membala wotanganidwa amene angapeze maola atatu okha pa miyezi iwiri. Yaikuluyo ndi imene kalabu yanu idzadziwike nayo.

Mabungwe amene akhalitsa anachita zomwezi. Mu 1925, pa msonkhano waukulu wa Lions ku Cedar Point m'chigawo cha Ohio, Helen Keller, amene anali wosaona ndi wosamva, anawapempha kuti akhale omenyera nkhondo anthu osaona. Anavomera, ndipo mpaka lero anthu ambiri akamva za Lions amaganiza za kuyeza maso ndi magalasi. Rotary inayambitsa ndondomeko ya PolioPlus mu 1985, ndipo mu 1988 inagwirizana ndi World Health Organization, UNICEF ndi CDC, bungwe la ku America loona za kupewa matenda, pa ntchito yothetsa poliyo pa dziko lonse. Nthawi imeneyo matendawa ankapundula ana pafupifupi 350,000 chaka chilichonse m'maiko 125. Chiwerengerocho chatsika ndi magawo oposa 99 pa 100 alionse. Chimene ndikufuna muone apa n'chakuti atsogoleri a Rotary amasintha chaka ndi chaka, kuyambira pa kalabu yaing'ono mpaka pamwamba, koma ntchito ya poliyo yadutsa m'manja mwa atsogoleri ambirimbiri osatayidwa. Ngati amene munamulowa m'malo anasiya ntchito yabwino yosamalizika, imalizeni. Makalabu ambiri ali ndi zinthu zosiyidwira panjira chifukwa wapampando aliyense ankafuna choyambitsa yekha choti adzakumbukiridwe nacho.

Posankha ntchito yaikuluyo, safunsa anadya phula. Chaka china tinasonkhanitsa mabuku oti tikapereke ku sukulu ina. Tinagwira ntchito miyezi itatu, makatoni anadzadza galimoto, pa tsiku lopereka ana anaimba, zithunzi zinajambulidwa, tinabwerako mitima ili mbee. Patatha chaka ndinadutsako pa nkhani ina, ndipo ndinapempha kuona mabuku aja. Anandilowetsa m'chipinda chosungiramo katundu. Makatoni anali pakona, ena tepi imene tinamata tokha isanachotsedwe, ndipo a pansi anali atafewa ndi chinyezi. Mphunzitsi wamkulu anandifotokozera mwaulemu kuti analibe mashelefu, analibe munthu wobwereketsa ndi kulemba mabukuwo, ndipo ambiri mwa iwo anali ovuta kwa ana a msinkhu umenewo. Kulakwa kunali kwathu. Palibe mmodzi wa ife anakhala pansi ndi aphunzitsi tisanayambe. Tikanafunsa, mwina akanatiuza kuti tiyambe ndi mashelefu ndi mabuku ochepa oyenera, n'kuphunzitsa ana angapo akuluakulu kasamalidwe kake. Choncho musanavomereze ntchito iliyonse, anthu awiri apite kukakhala ndi eni ake, afunse chimene akusowa malinga ndi mmene iwo akuonera, afunsenso kuti chinthucho chikadzawonongeka kapena kutha, adzachisamale ndani ndipo ndi ndalama ziti. Ngati funso lachiwirili lilibe yankho, ntchitoyo sinapse. Ndi chimodzimodzi ndi kubzala mitengo: tsiku lobzala ndi losavuta, nkhani ili pa amene adzathirire ndi kuteteza mbande m'miyezi yotsatira.

Tifike pa ndalama, pamene ndikufuna kukhalitsa pang'ono chifukwa ndi pamene makalabu amafera mwakachetechete. Mwanena kuti munachita zosonkhetsa ndalama zinayi. Tengani pepala, inu ndi msungichuma, ndipo pa chilichonse mwa zinayizo mulembe ndalama zimene zinalowa, zimene zinatuluka, anthu amene anagwira ntchito ndi maola amene anathera. Pa zotuluka muphatikize zimene mamembala analipira kuchokera m'matumba awo osauza munthu: mafuta a galimoto, mayunitsi a foni, zosindikiza. Kenako mufufuze kuti matikiti anagula ndani. Kawirikawiri mudzapeza kuti pa madyerero apamwamba, ambiri mwa matikiti anagula ndi mamembala ndi abale awo, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo linapita kwa mwini holo, ophika ndi oimba. Zikatero ndiye kuti ndalama zangochoka m'matumba anu n'kudutsira kwa amalonda, ndipo osowa aja alandira zotsalira. Mukanangosonkherana mwachindunji, bwenzi mutapeza zambiri popanda kugona mochedwa milungu itatu. Pepala limeneli likuonetsani kuti mwa zinayizo, chimodzi kapena ziwiri ndi zimene zinabweretsa phindu. Zimenezo zisungeni, muzichite bwino, muzichite nyengo yomweyomweyo chaka ndi chaka kuti anthu azizolowere n'kumaziyembekezera. Zinazo zisiyeni osadziimba mlandu.

Pali zochitika zina zimene phindu lake si ndalama. Ulendo wa ndawala kapena masewera a ana mwina sangabweretse zambiri, koma amadziwitsa anthu za kalabu ndipo amabweretsa mamembala atsopano. Zimenezo n'zabwino, bola munene poyera kuyambira pachiyambi kuti cholinga chake n'chimenecho, kuti anthu asadzakhumudwe powerenga zotsala.

Njira yotchipa koposa yopezera thandizo, imene ambiri amaiopa, ndi kupempha maso ndi maso chinthu chodziwika. Kalata yonena kuti tikupempha thandizo lililonse pa ntchito zathu zachifundo imathera m'dirowa. Koma mukapita kwa mwini bizinesi n'kunena kuti tikufuna mashelefu asanu ndi limodzi a sukulu yakutiyakuti, mtengo wake ndi uwu, tapeza kale a atatu, munthu amatha kuona chimene ndalama yake ikagule. Ena sapereka ndalama koma angapereke matabwa, galimoto ya tsiku limodzi kapena luso lawo, ndipo zimenezi muzilembe m'buku ngati chopereka. Musanyoze zochepa. Thumba la Rotary Foundation, limene lero limathandiza ntchito m'maiko ambiri, linayamba mu 1917 ndi ganizo la Arch Klumph, ndipo chopereka choyamba chinali madola 26.50 ochokera ku kalabu ya ku Kansas City. Anthu makumi awiri opereka kangachepe mwezi uliwonse amakupatsani ndalama zoti mungazidalire pokonza bajeti, zimene madyerero a usiku umodzi sangakupatseni.

Ndalama zikabwera, matumba akhale awiri, ndipo asasakanizike ngakhale tsiku limodzi. Thumba loyamba ndi la zopereka za mamembala, loyendetsera kalabu: malo a msonkhano, mapepala, macheza. Lachiwiri ndi la ndalama zimene anthu akunja apereka kaamba ka ntchito zachifundo. Makalabu a Lions ali ndi lamulo lomveka bwino pa nkhaniyi, lakuti ndalama zosonkhedwa kwa anthu zibwerere kwa anthu, zisagwiritsidwe ntchito poyendetsera kalabu. Ngakhale kalabu yanu isali pansi pa bungwe lililonse lalikulu, lamulo limeneli litengeni. Ndikukhulupiriranso kuti lidzathetsa mbali ina ya mkangano wanu, chifukwa ena mwa amene akudana ndi macheza akukaikira mumtima kuti zakumwa za pa macheza zikugulidwa ndi ndalama za osowa. Akaona pa pepala kuti sizili choncho, mtima udzakhala pansi.

Usiku wa chochitika, ndalama ziwerengedwe pomwepo, anthu asanabalalike. Anthu awiri osakhala pachibale akhale pa tebulo, wina awerenge mnzake akuona, kenako asinthane. Ayerekeze ndi timapepala totsala m'mabuku a matikiti, alembe chiwerengero pa pepala, asaine onse awiri, ajambule pepalalo pa foni n'kutumiza kwa komiti nthawi yomweyo. Ndalamazo zipite kubanki tsiku loyamba la ntchito. Zolandiridwa pa foni zilowe pa nambala ya kalabu, osati ya membala. Potulutsa ndalama pasaine anthu awiri, ndipo chogulidwa chilichonse chikhale ndi lisiti. Mwezi uliwonse msungichuma abweretse lipoti lalifupi pamodzi ndi sitetimenti ya kubanki, iyendayende m'manja mwa mamembala. Kumapeto kwa chaka mabuku aonedwe ndi anthu amene sali m'komiti. Mudzamva wina akuti, "Kodi simukutikhulupirira?" Muyankheni kuti malamulo amenewa amateteza msungichuma wokhulupirika. Ndaonapo mayi wachilungamo akusiya udindo misozi ili m'maso chifukwa cha manong'onong'o a ndalama zimene analibe njira yosonyezera kuti sanazigwire, popeza anaziwerenga yekha n'kugona nazo kunyumba. Mufufuzenso malamulo a dziko lanu, chifukwa m'maiko ambiri mpikisano wa matikiti a mwayi ndiponso kusonkhetsa ndalama m'misewu zimafuna chilolezo.

Ndipo amene wapereka, muthokozeni sabata isanathe, ndi kalata yotchula dzina lake. Ntchito ikatha, mubwerereninso mukamuonetse chimene chachitika, ngakhale zitakhala kuti zina sizinayende. Makalabu ambiri amakumbukira wopereka pokhapokha akafuna kupemphanso, ndipo iye amazindikira.

Za kalendala sindichulutsa. Makalabu a Rotary ndi Lions amayamba chaka chawo pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni, koma mwezi woyambira si nkhani. Mwezi woyamba ukhale womvetsera: mafoni aja, pepala la ndalama lija, ndi msonkhano umodzi umene aliyense anene chimene angathe kupereka chaka chino, kaya ndi maola, luso kapena anthu amene amadziwana nawo. Mwezi wachiwiri mamembala avomereze ndondomeko ndi bajeti. Chosonkhetsa ndalama chachikulu chibwere ntchito yaikulu isanafike pofuna ndalama zambiri, ndipo musalonjeze anthu chinthu ndi ndalama zimene simunazigwire m'manja. Pewani nyengo imene mamembala anu ambiri amapanikizika ndi ntchito kapena za kubanja. Chochitika chachikulu chikatha, siyani mwezi wopanda kanthu kuti anthu apume. Ntchito zazing'ono mungazimangirire pa masiku amene dziko lonse limawakumbukira kale, monga 14 Juni, tsiku la opereka magazi, kapena 5 Disembala, tsiku limene United Nations inapatula kukumbukira ogwira ntchito mongodzipereka. Pa masiku otere n'kosavuta kupeza ena ogwirizana nawo.

Ntchito iliyonse ikhale ndi mwini wake wotchulidwa dzina, ndipo asakhale inu. Wapampando amene amanyamula mipando, kulemba makalata ndi kuthamangira kubanki amaoneka wakhama, koma amaphunzitsa ena kukhala oonerera. Anthu amene mudzawabweze aja apatseni ntchito yooneka malire ake. Kunena kuti tithandizeni pa madyerero kumaopsa, chifukwa munthu sadziwa kuti zithera pati. Kunena kuti tikupempha mukhale pakhomo kulandira matikiti kuyambira 6 koloko mpaka 8 koloko, munthu amavomera mosavuta, ndipo akaichita bwino ulendo wotsatira amadzipereka yekha.

Ndibwerere ku macheza, chifukwa amene akudandaula nawo ali ndi mfundo imene simuyenera kuikankhira kumbali. Alipo makalabu amene anasanduka malo odyera ndi kujambulitsa, ntchito n'kutsala dzina lokha. Alipo macheza amene amathamangitsa anthu m'malo mowakoka: okwera mtengo moti wopeza zochepa amangopepesa kuti watanganidwa, ochitika usiku moti mayi wa ana aang'ono sangafike, omangidwa pa mowa moti wosamwa amasowa pokhala, kapena amene akale amakhala pa tebulo lawo kukumbutsana zakale mlendo ali yekha ndi foni yake. Macheza otere akonzeni. Akhale otchipa moti membala wochepekedwa kwambiri afike osachita manyazi. Nthawi zina mabanja abwere nawo, chifukwa maola amene membala amapereka ku kalabu amawachotsa kunyumba, ndipo a kunyumbako akadziwa anzakewo sadandaula kwambiri. Membala watsopano apatsidwe mnzake wakale woti azikhala naye ndi kumudziwitsa kwa ena miyezi yoyambirira.

Mudzaonanso kuti mbali ziwiri zimene zikukanganazo zingathe kukumana pamalo amodzi. Ubwenzi wolimba kwambiri umene ndauona m'makalabu sunabadwire pa tebulo la hotela. Unabadwa anthu atapaka penti chipinda tsiku lonse, zovala zili mawangamawanga, n'kukhala pansi pamodzi kudya zimene aliyense anabweretsa. Pamenepo mkulu wa kampani ndi mnyamata wongoyamba kumene ntchito amalankhulana ngati anthu wamba, chifukwa onse agwira burashi imodzi. Choncho ntchito iliyonse ithere ndi ola limodzi lokhala pansi pamodzi, ndipo ola limenelo mulilembe pa ndondomeko kuti anthu asathamangire kunyumba. Wokonda ntchito adzapeza ntchito, wokonda kucheza adzapeza anzake, tsiku lomwelo.

Misonkhano nayo ifupikitseni. Zambiri zimene zimatopetsa anthu ndi kuwerenga mfundo za msonkhano wapita mzere ndi mzere ndi kukangana pa zinthu zimene anthu atatu akanatha kumaliza paokha. Mfundozo zitumizidwe msonkhano usanafike, zing'onozing'ono zithere m'komiti, ndipo msonkhano uyambe ndi kutha pa nthawi yake ngakhale afika ndi ochepa. Rotary, imene kwa zaka zambiri inkaumirira kukumana sabata iliyonse, mu 2016 inalola makalabu ake kusankha okha kakumanidwe, bola akumane kosachepera kawiri pamwezi. Anaona kuti moyo wa anthu wasintha. Inunso funsani mamembala tsiku ndi ola limene lingawakomere, musangotsatira limene munalipeza.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma sindingachisiye. Mukamakapereka thandizo, samalani ulemu wa olandira. Chithunzi chimathandiza popereka lipoti kwa opereka, koma munthu wosauka kapena wodwala si chikwangwani cha kalabu. Pemphani chilolezo musanajambule, ana musawaike pa intaneti popanda makolo kapena owasamalira kuvomera, ndipo amene wakana kujambulidwa alandire mofanana ndi ena. Musasonkhanitse anthu padzuwa maola awiri kudikira zolankhula za alendo olemekezeka kaamba ka kaphukusi kakang'ono. Mamembala a Rotary amaloweza mafunso anayi amene Herbert Taylor analemba mu 1932 poyesa kupulumutsa kampani imene inali pafupi kugwa: ngati chinthu chili choona, ngati chili chachilungamo kwa onse okhudzidwa, ngati chidzamanga ubwenzi, ndiponso ngati chidzapindulira onse. Pokonza mwambo wopereka thandizo, mawu oti "onse" aphatikizepo amene akhale pamzere wolandira.

Pomaliza, amene adzakuloweni m'malo adziwike chaka chanu chisanafike pakati, ndipo azikhala nanu pa zokambirana zonse zikuluzikulu. Tsegulani faelo lero lomwe. Muziikamo ndondomeko, bajeti, maina a opereka ndi zimene anapereka, manambala a anthu amene munagwira nawo ntchito, ndi tsamba limodzi pa chochitika chilichonse lonena zimene zinayenda, zimene zinavuta ndi zimene mukanachita mosiyana. Tsambalo lilembedwe sabata yomweyo, anthu akukumbukirabe kuti mipando inachepa ndiponso kuti magetsi anazima nthawi yanji. Pa msonkhano womaliza werengani lipoti la chaka poyera, ndalama zonse ndi maola amene anthu anapereka, ndipo muthokoze aliyense potchula chimene anachita, kuphatikizapo amene ankangobwera msanga kudzakonza mipando. Kenako perekani faeloyo kwa wotsatira wanu pamaso pa onse, pamodzi ndi makiyi ndi mapasiwedi, ndipo mupite naye kubanki sabata yomweyo mukasinthe maina a osainira.